Mbalame imene ndinaopsa nayo ana

Kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza kuli mtsikana amene ali ndi chipsera pachibwano chifukwa cha ine. Ndinali mphunzitsi wake wa Giredi 2, ndipo tsikulo ndinkafuna kumusangalatsa.

Zinayambira kwa akulu anga ku Kapata, zaka zija SABC inkaoneka pa madikoda aulere, asanaitseke mu 2013. Ndikapita kukacheza ndinkapeza ana awo ali phee pamkeka, akuonera Takalani Sesame. Pulogalamuyi inayamba ku South Africa mu 2000, ndipo kholo lake ndi Sesame Street ya ku America, ya mu 1969. Ana omwewo, amene kuwatuma madzi mpaka uwaitane kangapo, ankawerenga manambala mokweza pamodzi ndi Moshe, chimodzi mwa zidole za m'pulogalamuyo, ndipo mnzake Kami akamakamba za HIV imene ali nayo ankamvetsera osaphethira. Ine ndinkaganiza za kalasi langa, la ana ambiri ndi mabuku ochepa, mtima n'kumandiwawa.

Tsiku lina ndinawerenga pa intaneti za Caroll Spinney, bambo amene ankalowa m'kati mwa Big Bird, chidole cha mbalame cha mu Sesame Street, kuyambira 1969 mpaka 2018. Mbalameyo ndi yaitali pafupifupi mamita awiri ndi theka, nthenga zake ndi za nkhukundembo zonyikidwa mu utoto wachikasu. Spinney ankakweza mkono wamanja pamwamba pa mutu wake, zala n'kumatsegula mlomo wa mbalameyo, kachala kakang'ono kakuyendetsa zikope. Mkono wamanzere unkalowa m'phiko limodzi, phiko linalo linkayenda ndi kachingwe. Pachifuwa ankamangirira kanema kakang'ono koti aziona zimene kamera ikuona, pakuti m'katimo munthu saona kunja. Ndinawerenganso kuti Matt Vogel, amene anadzalowa m'malo mwake, anayamba kuphunzira ntchitoyo mu 1996. Zonsezi ndinaziwerenga, koma chimene chinakhala m'mutu mwanga ndi nthenga basi.

Ndinaganiza zopanga yanga, kuti idzaonekere pa chikondwerero cha ufulu cha pa 24 Okutobala. Ndinaluka nsungwi ndi mawaya, ndinakuta ndi masaka a feteleza, nthenga ndinapempha kwa amayi ogulitsa nkhuku ku Saturday Market. Utoto sunagwire bwino, moti nthengazo zinatuluka zotuwa, zina zofiirira. Poonera ndinaboola kabowo pachifuwa n'kutsekapo ndi neti ya udzudzu. Sindinauze aliyense, ngakhale ahedi, chifukwa ndinkafuna kuti ana adzadabwe.

Ine ndinakulira ku Kitwe. Gule Wamkulu ndinkangomuonera patali ku Mkaika pa Kulamba, ngati mlendo aliyense. Choncho sindinaone cholakwika posankha kukavalira m'katchire ka kuseri kwa sukulu, mbali ya kumanda, poti n'komwe kunali kobisika.

Dzuwa la Okutobala linali litafika paliwombo pamene ndinatuluka. Thukuta linalowa m'maso, nthenga zinagwera pa kabowo kaja, ndipo ndinkangoona zala zanga za kumapazi. Kenako ndinamva phokoso lalikulu la ana. Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri: ndinayesa kuti akusangalala. Ndinawonjezera liwiro, ndikukupiza phiko, ndikuitana ndi mawu aang'ono kuti, "Ana inu, bwerani kuno!" Sindinadziwe kuti akufuula kuti, "Chilombo! Chilombo!" Amayi amene anabwera kudzaonera magule a ana awo anathawira m'makalasi, ana aang'ono akupondana pakhomo, ndipo ine ndinali kuwathamangira. Mtsikana uja, amene anali wamng'ono pa onse, anagwa n'kumenyetsa chibwano pa sitepe ya simenti.

Ndinagwera m'ngalande, mkono wamanja utachita dzanzi, mpweya utandithera. Ahedi ndi amene anang'amba saka n'kunditulutsa. Choyamba kuchiona chinali magazi pa yunifolomu ya mwanayo, akumukweza pa njinga kupita naye kuchipatala, komwe anakamusoka.

M'mawa mwake anandiitana kwa amfumu. Nduna yawo sinakweze mawu. Inati, "Aphunzitsi, mukanafunsa. Kuno chinthu chovala nthenga chikatulukira kumene munatulukira inu, chili ndi eni ake. Ana athu anachita zimene tinawaphunzitsa." Ndinalibe choyankha. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinapereka nkhuku monga anagamula, ndipo mbalameyo inatenthedwa tsiku lomwelo. Sindinaone kuti andilakwira. Anthu a pamudzipo anali ndi chifukwa chokwanira choganizira kuti ndikunyoza mwambo wawo, pamenenso ndinawavulazira mwana.

Kwa ambuye ake a mtsikanayo ndinapita ndi shuga ndi ndalama zobwezera zimene anawononga. Anandilandira, anandiyalira mphasa, koma anati, "Balali lipola, aphunzitsi. Koma mwanayu akumadzidzimuka usiku." Mwanayo anabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka ndinachoka.

Kuyambira pamenepo ndimawalemekeza mwa mtundu wina anthu a m'kati mwa zidole zija. Spinney ankagwira ntchito mkono uli m'mwamba, m'kutentha, maso ali pa kanema kaja kuti aone ngati mbalame yake yawerama mokwanira pamaso pa mwana amene akulankhula naye. Big Bird ankamusewera ngati mwana wa zaka 6, wofunsa mafunso, wolakwitsa, wofuna kuthandizidwa, ndipo n'chifukwa chake ana sankaopa msinkhu wake. Yanga inali yaikulu chabe, yakhungu, yothamangira anthu.

Sukulu itatsegulira mu Januwale ndinasoka kachidole ka sokosi, maso a mabatani. Ndinayamba ndawaonetsa ana sokosi yopanda kanthu, kenako n'kulowetsa dzanja iwo akuona. Anaseka, anawerenga nako mpaka 20, ena anapempha kuti akavale. Mtsikana uja munalibe m'kalasimo. Ambuye ake anali atapempha ahedi kuti Giredi 3 akaphunzire kwa mphunzitsi wina, ndipo ahedi atandifunsa maganizo anga, ndinavomera.