Ulemu Woyenera Chiperoni m'Madimba a Blantyre

Mwa alendo onse amene amafika mumzinda wa Blantyre chaka ndi chaka, palibe amene amanyozedwa mopanda chilungamo ngati chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yamawawa imene imachokera kunyanja yamchere ya India, kudzera kuphiri la Chiperone ku Mozambique, n'kudzaphimba mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Chisanu chenicheni, chija chimaumitsa mame n'kupsereza mbewu usiku umodzi wokha ku Nyika, sichionekaoneka mumzindawu. Ndipo popeza chisanu chotere chimafuna usiku wopanda mitambo, chiperoni angathe kunena monyadira kuti amateteza mbewu kuti zisafe mwadzidzidzi, cholinga chake chili chakuti zife pang'onopang'ono ndi mwaulemu.

Ubwino wake woyamba ndi kuthirira kwaulere. Mlimi wa dimba, ndiko kunena kamunda kothirira kam'mbali mwa mtsinje wa Nasolo, Naperi kapena Likhubula, amadziwa kulemera kwa keni ndiponso mtengo wa madzi apampopi, amene ambiri mwa iwo amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, koma chiperoni sanatumizepo bilu kwa munthu aliyense. N'zoona kuti madzi akewo kawirikawiri amathera pamasamba osafika kumizu, komabe amenewa ndi makhalidwe a mlendo woleredwa bwino, amene salowerera za m'kati mwa nyumba ya eni.

Ntchito yake yaikulu imaonekera pa tomato. Masamba akakhala onyowa masiku angapo popanda dzuwa, m'munda mumabuka chiwawu, nthenda imene imadetsa masamba ndi nthambi n'kuoletsa zipatso zisanapse, ndipo kachilombo kake ndi komweko kamene kanawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845, zomwe zikusonyeza kuti chiperoni sayenda ndi anzake wamba. Zimene alangizi a zaulimi akhala akunena kwa zaka zambiri anthu osamva, monga kubzala motalikanitsa, kumangirira tomato kumitengo, kuphimbira nthaka ndi udzu, kuthirira patsinde m'mawa ndi kupopera Dithane nthenda isanayambe, iye amaziphunzitsa pa sabata imodzi, ndipo wolephera mayeso ake sabwereza kalasi mpaka chaka chamawa. Mpiru, repu, chainizi ndi kabichi, mbewu zokonda nyengo yozizira, amazisiya zikondwe, mwina pofuna kuti pakhale mboni zomuikira kumbuyo.

Pa zachuma saiwala aliyense. Wogulitsa makala ku Bangwe, wa majekete apakaunjika mumsika wa Ndirande ndi wa sitolo ya mankhwala a mbewu ku Limbe onse amapeza phindu, eni minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje amamulandira ndi manja awiri, ndipo ngakhale mlimi wa ku Machinjiri amene watsala ndi bedi imodzi yokha ya tomato amatonthozedwa poona kuti mulu wa tomato anayi tsopano ukukwana ndi atatu.