Za Ine ndi Vitamini wa Dzuwa

Indetu ndinena kwa inu, abale anga owerenga, kuti pamene mphwanga wa ku Leeds anandiimbira lamya kundiuza kuti mtima wake unalema chifukwa chosowa vitamini D, ine, mbadwa ya ku Chikwawa kumene dzuwa limapirikitsira mbuzi kunsi kwa nkhokwe, ndinakondwera kwakukulu, pakuti ndinayesa ndapeza dzina laulemu la ndwii imene imandigwira mwezi ukafika pakati.

Mnyamatayo sananame. Khungu la munthu limapanga vitamini ameneyu likaombedwa ndi dzuwa, ndipo ku Britain, kuyambira Okutobala kufikira Malichi, dzuwa limafooka kotero kuti a zaumoyo amalangiza anthu kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku, makamaka ife akhungu lakuda amene timachedwa kumupanga. "Amalume," anatero, "yesani nanunso."

Safunsa anadya phula. M'mawa mwake ndinakatenga katapila, ndinagula botolo la mapiritsi, ndipo pofuna kuonjezera mphamvu, ndinavula malaya n'kudziyanika pabwalo ngati usipa, mwezi wa Okutobala, kufikira odutsa m'njira anayamba kufunsana ngati pakhomo pathu pagwa zovuta.

Akazi anga anandiyang'ana nthawi yaitali, nati: "Bambo a Chikondi, inu amene mwalima thonje zaka 30 opanda chipewa, dzuwa linakusowani liti?"

Koma amene anandivula nzeru zonse ndiye Chikondiyo, namwino wathu, pondifotokozera modekha kuti m'chaka cha 2020 ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 18,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo, ena omwa vitamini D tsiku ndi tsiku, ena omwa mapiritsi opanda mankhwala, kwa zaka ngati zisanu, ndipo matenda ovutika maganizo anagwira magulu onse awiri mofanana. Anati n'zoona kuti odwala matendawa kawirikawiri amapezeka ndi vitamini wochepa, koma munthu wosweka mtima amadzitsekera m'nyumba mosafika dzuwa. Ndipo wopeza nyerere pa chiwala chakufa asafulumire kuzizenga mlandu wakupha. Anandichenjezanso kuti wosagona, wosadya, wosafuna kuona anthu kwa milungu iwiri kapena kuposa, ameneyo asamunyoze, koma amuperekeze kuchipatala, pakuti mutu umodzi susenza denga. "Koma matenda anu, ababa," anatero, "amachira pa tsiku la malipiro."

Lero lino msana wanga ukusupuka, botolo lili pawindo, ndipo mwini katapila uja amafika pakhomo m'mawa ndi madzulo mokhulupirika koposa mkulu wa mpingo. Chotero, pomuopa iyeyo, ndatha sabata yathunthu ndili chibisalire kuchipinda, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Ndipo Chikondi akuti ndikapitiriza motere, vitamini uja ayambadi kundisowa.