Wailesi yolipira mwezi ndi mwezi

Ku America anthu ena amalipira mwezi ndi mwezi kuti amvere wailesi. Inde, wailesi! SiriusXM, yomwe inabadwa mu 2008 makampani awiri ataphatikizana, imaulutsa mawu kudzera pa satelaiti. Mukagula galimoto yatsopano amakulawitsani miyezi ingapo ulere, ngati mayi wogulitsa thobwa pa msika. Ubwino wake ulipo ndithu: dalaivala wa thiraki m'chipululu cha Nevada amamvera nyimbo usiku wonse, wailesi osatsokomola ngakhale kamodzi. Nanga wa m'tauni, amene foni yake yadzaza kale nyimbo, akulipira chiyani? Kuno ku Africa tinali ndi wailesi ya mtundu womwewu, WorldSpace, yomwe inagwa chaka chomwecho cha 2008 satelaiti yake ikadali m'mwamba. Ngati simuyendetsa thiraki, abale, ndalamayo gulirani mafuta.