Makompyuta nawo amaima pa boda

Okondedwa amalume,

Ine kuno ndikupuma, ngakhale lendi ya ku Joni siidziwa m'bale.

Ndamva kuti mwalengeza pa Kamwendo ponse kuti mphwanu ndi injiniya wa makompyuta. Chonde amalume, tsitsaniko mawu, chifukwa anthu amene sindikuwadziwa n'komwe ayamba kunditumizira mapepala a fizi. Ntchito yanga ndi kusenza makatoni, kulumikiza mawaya ndi kudina batani la F12. Koma poti mwafunsa chimene ndimachita, ndikuuzeni za sabata yatha.

Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye maofesi akuno ali kalikiliki kusamukira ku Windows 11. Makompyuta akakhala ochuluka sitiyenda ndi fulashi imodziimodzi. Timawalumikiza ku waya, aliyense akayaka amapempha adiresi pa netiweki, akapatsidwa amakoka Windows kuchokera ku seva. Njirayi amaitcha PXE. Ku wekishopu kwathu zimayenda myaa. Koma titafika ku ofesi ina ya za ndalama ku Sandton, makompyuta onse anangoti duu, kenako n'kulemba PXE-E51, kutanthauza kuti apempha adiresi koma palibe wawayankha.

Bwana anayamba ndi mawaya, poti anawamanga ndi Mmalawi. Tinayeza, onse bwinobwino. Anatembenukira seva, nayo inalibe mlandu. Mnzanga wa ku Bulawayo ndiye anati tiyeni tione swichi, kabokosi komwe mawaya onse amakumanako.

Apa mundimvetse ngati munthu woti munapalasapo njinga kupita ku Chipata. Pa ofesi yotetezedwa, bowo lililonse la swichi ndi boda. Lamulo lake limatchedwa 802.1X: usanalowe, onetsa pasipoti. Tsono pasipoti ya kompyuta imabwera pamodzi ndi Windows, ndipo Windowsyo ili kutsidya kwa boda. Mwaliona vutolo? Swichi imafunsa pasipoti, n'kudikira masekondi 30. Zii. Imafunsanso, masekondi ena 30, n'kufunsa kachitatu. Pakatha masekondi 90 m'pamene imati, chabwino, mwina uyu ndi wa bodapasi, ndione m'kaundula ngati nambala yake ya MAC, yomwe kompyuta iliyonse ili nayo yakeyake, ilimo. Pamenepo n'kuti kompyuta itatopa kalekale, chifukwa iyo imapempha adiresi kwa mphindi imodzi yokha, ikapanda kuyankhidwa imabwerera kwawo.

Ndipo geti si limodzi. Pali linanso lotchedwa spanning tree, lomwe limaimika aliyense masekondi 30 kuti litsimikize kuti mawaya sanalumikizidwe mozungulira, zomwe zingachititse uthenga kumangozungulira mpaka netiweki yonse kugwa. Mukukumbukira kale, munthu unkadinditsa ku Mchinji, n'kukaimanso pamzere ku Mwami? Mu December 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula boda yoima kamodzi. Swichi ya ku Sandtonyi nkhani imeneyo inali isanaimve.

Bwana wathu, amene kuleza mtima anakusiya kwa amayi ake, anauza mkulu wa chitetezo pa ofesipo kuti angothimitsa 802.1X mpaka timalize. Kunena kwina, atsegule njira za kutchire zija zimadutsa matumba a chimanga usiku. Mkuluyo anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi tayi, osayankha kanthu. Ine ndinali kumbali yake, ngakhale ndinangokhala chete poti malipiro amasaina ndi bwana. Ofesi yosunga ndalama za anthu singasiye bowo lililonse pakhoma lili pululu kuti aliyense wobwera ndi laputopu alowe.

Zimene anachita n'zochepa, moti zinandipsetsa mtima poganiza thukuta lomwe tinakhetsa. Anachepetsa kudikira kuja kuchoka pa masekondi 30 kufika pa 10. Pa mabowo a makompyuta anayatsa PortFast, yomwe imachotsa kuima kwa pa geti lachiwiri. Kenako anati nambala za MAC za makompyuta atsopano zilembedwe m'kaundula, kuti aziloledwa kulowa koma kukafika pa seva ya Windows pokha, osati kumayendayenda m'nyumba yonse. Mukuganiza anapatsidwa ntchito yowerenga timanambala timeneti pansi pa kompyuta iliyonse ndi ndani? Injiniya wanu yemweyu, chogwada, tochi ya foni kukamwa. Nambala iliyonse ili ndi zilembo 12, ndipo 8 ndi B zimafanana ngati mapasa maso akatopa.

Titayatsanso, makompyuta analandira maadiresi asanatope. Chinyengo china chinatulukira pakati: kompyuta ikamaliza kukoka kachigawo koyamba, netiweki imazima n'kuyakanso, ndiye swichi imayambiranso kufunsa pasipoti ngati sinakuonepo. Mnzanga uja anawonjezera lamulo loti pulogalamu izidikira kaye mpaka adiresi ibwere isanapitirire. Madzulo bwana anaimbira foni eni ofesi n'kuwauza kuti iye wathetsa vutolo. Ife anatigulira kota, buledi wobowola uja amathiramo tchipisi ndi poloni.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru. Ndi ka feteleza, amalume, osati ka mpando wa ku dambwe kapena ka anzanu a pa bawo. Mtedza mukakolola mundisungireko thumba, ndidzatumiza munthu wa basi. Mumuuzenso mwana wa achemwali kuti laputopu akuifunayo adikire, makompyuta ndimasenzawa si anga, ndipo pa geti amatisecha mpaka m'masokosi.

Ine mphwanu,
wa ku Joni