Apulofesa a Zandale Akalowa Ukhansala

Apulofesa a maphunziro a zandale amene alowa ndale za m'dera amapezeka kwambiri m'matauni okhala ndi sukulu ya ukachenjede. Ntchito amayambira m'kalasi, kuphunzitsa za mphamvu ku anthu. Amadziwa pamtima kuti lamulo la maboma ang'onoang'ono lidakhazikitsidwa mu 1998, kuti makhansala adasankhidwa mu 2000, ndi kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko la Malawi lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mtengo wa mulu wa tomato pamsika wa m'wodi mwawo saudziwa.

Akatsala pang'ono kupuma pantchito, amayamba kuoneka pamaliro. Apa mpamene khalidwe lawo limaonekera bwino. Amafika mochedwa, galimoto n'kuimika pomwe padzere bokosi, kenako n'kukhala pampando wa amfumu. Akapatsidwa mphindi ziwiri zoti apepese anamfedwa, amayambira kwa Aristotle, n'kutsikira pa riferendamu ya pa 14 June 1993, n'kupumira pang'ono pa kusiyana kwa ntchito ya khansala ndi ya phungu. Nthawi yonseyi adzukulu atsamira makasu kumanda, amayi a Mvano nyimbo zawathera, nsima yauma m'mabeseni, abusa ayang'ana wotchi mpaka khosi kuwawa. Pamaliro ena aposachedwapa, apulofesa otere adaphonya dzina la malemu kawiri, ndipo pomaliza adafunsa khamu ngati pali funso. Chipepeso adapereka K2,000, n'kupempha risiti.

Kuumira kumeneku amakuikira kumbuyo ndi lamulo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota, ndipo apulofesa amalisunga ndi mtima wonse, ngakhale kwa wakabaza amene wawapalasa kukwera nawo chitunda.

Akapambana pa chisankho cha makhansala, gawo lotsiriza limayamba. Anthu akadandaula za ngalande yotsekeka, zinyalala za pamsika kapena mjigo wofa, apulofesa amalemba m'kabuku, n'kulengeza kuti nkhaniyi ikufunika kafukufuku. Kafukufuku amabala msonkhano, ndipo msonkhano wa chitukuko sugwira mutu pokhapokha uchitikire kunyanja ku Mangochi, komwe kuli chambo ndi alawansi. Kumeneko amasankha komiti yoti ikaunike zomwe idapeza komiti yoyamba. Mlatho umene udapita ndi namondwe Freddy mu 2023 ndi wodziwika bwino m'mahotela a kunyanja, uli ndi malipoti achikuto chonyezimira. Ana a sukulu akuwolokabe pamtengo wogwetsa, ndipo mvula ikagwa amabwerera kunyumba.

Amayi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, amene sadawerengepo Aristotle, ndiwo amasonkhetsa mchenga ndi njerwa. Tsiku lojambulitsa, apulofesa amaima kutsogolo atagwira fosholo cham'mbali kuti isadetse suti.

Khansala amakhala pampando zaka zisanu. Zikatha, apulofesa amakaimira uphungu.