Ulemu kwa Kapepala ka Kuseri kwa Foni

Mwa zonse zimene anthu apanga kuti azisungiramo chuma, palibe choposa kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, kolembedwa manambala anayi, n'kupindidwa bwinobwino kuseri kwa foni. M'boma la Neno, kuyambira pa Zalewa mpaka kumapiri a ku Dambe, kapepala kameneka ndi mlonda wamkulu wa ndalama za manachesi ndi mbatatesi zimene zimagona mu Airtel Money ndi Mpamba. Makampani a mafoni sasiya kutilangiza kuti nambala yachinsinsi isalembedwe paliponse, izikhala m'mutu mokha. Iwo amaiwala kuti mutu umakalamba, umatentha ndi malungo, ndipo tsiku la msika umaledzera. Kapepala sikanalawepo kachasu.

Amene akuganiza kuti uku n'kutsalira kwa anthu akumudzi akafunse akatswiri a ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Chikwama cha ndalama zimenezi sichisunga ndalama ayi, chimasunga kiyi wachinsinsi, ndipo kiyiyo amaphimbidwa ndi masamu ovuta moti wakuba sangamuwerenge.  Komatu munthu akamatsegula chikwama chatsopano amapatsidwa mawu 12 kapena 24, otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048, ndipo lamulo lake n'lakuti awalembe pamanja papepala, asawajambule, asawaike pa intaneti. Masamu onse aja, ndi ulemerero wawo wonse, amadzagwada pamaso pa kapepala. Odalira zitsulo akulira mpaka lero. James Howells wa ku Newport, m'dziko la Wales, kachipangizo kake ka kompyuta kokhala ndi kiyi wa ma Bitcoin pafupifupi 8,000 kanatayidwa kudzala mu 2013, ndipo khonsolo inamukaniza kukakumba.

Wotsutsa adzatikumbutsa za Stefan Thomas, amene analembadi mawu ake achinsinsi papepala, pepalalo n'kutayika, ma Bitcoin 7,002 n'kutsekeredwa. Nanga pamenepa wolakwa ndani? Nkhaniyi ikungochitira umboni ukulu wa kapepala, kuti kakanyanyala, mpondamatiki amasanduka mmphawi. Wina adzati chiswe chimadya mapepala, ndipo mvula ngati ya namondwe Freddy mu 2023 imasungunula inki. N'zoona, koma chiswe chikadya nambala sichipita nayo kwa ajenti pa Lisungwi kukatapa ndalama. Chinsinsi chimene chalowa m'mimba mwa chiswe n'chotetezeka kuposa cha m'banki iliyonse, ngakhale mwini wake sangachifikire.

Dandaulo lalikulu n'lakuti woba foni amapeza chitseko ndi kiyi malo amodzi. Apa ndi pamene mtima wabwino wa kapepala umaonekera. Kamamupeputsira ntchito wakubayo kuti asabwerenso usiku ndi chikwanje kudzafunsa nambala, ndipo mwini foni amagona mwamtendere, wopanda kanthu koma wamoyo. Tiyerekezenso ndi akathyali aja oimba foni n'kumanamizira kuti ndi ogwira ntchito kukampani. Iwo alibe njira yowerengera kapepala kali m'thumba la munthu ku Ligowe. Amadalira kuti mwini wake atchule yekha manambalawo, ndipo ambiri amatchuladi, mwaulemu, ena n'kubwereza kawiri kuti bwanayo amve bwino. Boma linalembetsa ma SIM onse mu 2018, koma pakamwa pa munthu palibe amene anapalembetsa.

Ntchito yaikulu kwambiri ya kapepala imaoneka pamaliro. Bambo wosunga nambala m'mutu, monga mwa malangizo, amatsikira nayo kumanda, ndipo mayi wamasiye amayamba ulendo wa makalata, kwa amfumu, kuboma, kuofesi ya kampani, pamisewu ya Neno imene nthawi ya dzinja ngakhale njinga yamoto imachita kukankhidwa. Kwa eni Bitcoin n'koipirapo, popeza kulibe ofesi yokadandaulako, ndipo Reserve Bank of Malawi inanena kale kuti ndalamazi si zovomerezeka polipirira zinthu m'dziko muno. Bambo wa kapepala amakhala atasiya wilo popanda loya. Vuto n'loti wiloyo imawerengedwa ndi woyamba kugwira foni ya malemu, ndipo kawirikawiri ameneyu amakhala mlamu wofulumira.