Madzi saiwala khwawa, ngakhale uwakweze pikapu

Agogo anga ankatchula mwambi wakuti madzi saiwala khwawa akamva za munthu amene wabwerera ku khalidwe lake lakale, monga uja wolapa Lamulungu n'kugwidwa ndi nkhuku ya eni Lachiwiri. Choncho ndinakula ndikudziwa kuti mwambiwu ndi wonena anthu. Alamu anga ndi Toyota Hilux yawo ndi amene anandiphunzitsa kuti akuluakulu aja ankanenanso madzi enieniwa, akumwawa.

Matenda a alamu anayambira pa YouTube. Usiku uliwonse ankagonera kuonera azungu a ku Australia ndi ku South Africa akuyenda m'zipululu ndi magalimoto osanduka nyumba: kama pamwamba, firiji m'kati, ndipo kumbuyo kampopi kongopotokola, madzi n'kuti waa! Kwa eni akewo nzeruyi ili ndi mutu. Ku Australia kuli njira yotchedwa Canning Stock Route, ya makilomita pafupifupi 1,850, yokhala ndi zitsime 51 zomwe zambiri sizigwiranso ntchito. Woiwala madzi kumeneko waiwala moyo. Nanga kuno kwathu, kumene gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko ndi madzi, ndipo sutha mtunda wautali osamva mjigo ukulira? Ndinawafunsa zimenezi. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mkwati amavala suti.

"Alamu, inu simuona patali," anatero. "Ulendo wa ku Nyika si wopita ndi zigubu ngati tikukagula palafini."

Anagula thanki ya malita 80, pampu ya mavoti 12, mapaipi, mpopi, ndi kashawa kokhala ngati ka muhotela. Thankiyo anaimangirira pansi, pakati pa magudumu, ndipo apa pokha ndiwayamikire, chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Malita 80 ndiye kuti wakweza bambo wina wonenepa amene salipira, satsika pokwera phiri, komanso sathandiza kukankha. Munthu wotereyu ndi bwino akhale pansi kusiyana n'kumukhazika padenga, pomwe angagubuduze galimoto pakona. Wowotcherera amene anapanga thankiyo anafunsa mwaulemu, "Bwana, tiikemo zotchinga m'katimu kuti madzi asamakhavuke?" Alamu atamva mtengo wake anati madzi si mbuzi kuti azimangiridwa makola.

Achemwali anga, akazi awo, sanatsutse chilichonse. Anangotsuka zigubu ziwiri za malita 20, n'kudzaza, n'kuthiramo WaterGuard, n'kuziika kuseri kwa thumba la makala. Alamu ataziona anadandaula kuti zikuchotsa ulemu wa galimoto. Achemwali anati, "Zisiyeni, bambo a ana, n'zokhalira."

Tinanyamuka ku Lilongwe m'mwezi wa July, kudzera ku Kasungu ndi Mzuzu. Pamsewu wa phula zonse zinali bwino, moti pamalo alionse oima alamu ankaitana anthu kuti adzasambe m'manja, ofuna ndi osafuna omwe. Wogulitsa chimanga chootcha anasamba. Mnyamata wa kabaza anasamba kawiri. Pofika ku Rumphi thanki inali itatsika pafupifupi theka, ndipo m'pamene bambo wosalipira uja anadzuka. Thanki yodzaza imakhala phee, koma ya theka, yopanda zotchinga, imavina. Ukaponda buleki, galimoto imaima, kenaka madzi amafika mochedwa n'kukukankha kumsana ngati wokwera matola amene akuti sunthani. Ukakhotera kumanja, iwo akadali ndi maganizo a kumanzere. Kuchokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ndipo mtunda wautali tinauyenda pafumbi ndi mabampu, tikumva khavu! khavu! pansi pa mipando, ngati m'mimba mwa munthu amene wamwa thobwa la dzana.

Nyika ndi malo okongola, paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, mapiri ambiri a udzu pamtunda wopitirira mamita 2,000. Kumazizira zoti mu July udzu umadzuka utayera. Koma alamu anali atalumbira kuti asamba shawa m'tchire, mbidzi zikuonerera. Anavula, natsegula. Kukuwa kumene kunamveka kunathawitsa mbalame za m'nkhalango yonse ya paini imene inali pafupi, pakuti m'mavidiyo aja sanaonetsetse kuti azungu ena amaikanso chotenthetsera. Komanso masamu ake ndi ochititsa manyazi. Pampu yawoyo imatulutsa malita pafupifupi khumi pamphindi, kutanthauza kuti thanki yonse, itadzaza, ndi shawa ya mphindi zisanu ndi zitatu. Mayi wa kumudzi, ndi ndowa imodzi ndi kapu, amasambitsa ana atatu, otsalawo n'kuwaza pabwalo kuti asese. Amene anasenzapo madzi pankhata amawadziwa kulemera kwake, n'chifukwa chake sawataya. Mpopi umaiwalitsa.

Usiku, tili m'matenti, tinamva kulira kwachilendo. Drrrr. Zii. Drrrr. Alamu ananong'ona kuti ndi kambuku, poti Nyika ndi yotchuka ndi akambuku. Ine ndinati kambuku salira motsata wotchi chotero. Palibe anatuluka kukaona, aliyense anali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo tinagona tikupemphera chamumtima. Chakum'mawa chilombo chija chinayamba kulira mofooka, kenaka chinafa.

Chinali pampu. Mapampu amenewa ali ndi kaswitchi komva mphamvu ya madzi m'paipi: ukatsegula mpopi mphamvu imatsika, pampu n'kudziyatsa yokha. Koma pampu siidziwa kusiyanitsa mpopi ndi chiboo. Paipi ina inali itagona pampeni wa chitsulo cha pansi pa galimoto, ndipo mabampu a dzulo lake anaicheka pang'onopang'ono mpaka kuboola. Usiku wonse pampu inagwira ntchito mokhulupirika, kutunga madzi m'thanki n'kumathirira Nyika. Madzi atatha inapitiriza kupopa mpweya kufikira batire linatheratu, batire lomwelo lolizira injini, chifukwa lachiwiri alamu anati adzagula mwezi wamawa. Tinadzuka tilibe madzi, tilibe moto wa galimoto. Pansi pa Hilux panali matope, ndipo kuchokera pamatopepo kanali katakumbika kakhwawa kakang'ono, kooneka bwino, kolunjika kumunsi kumene kuli damu. Madzi a m'tauni, obadwira mumpopi, oti sanapondeko ku Rumphi chibadwire, njira ya kwawo anaidziwa mumdima popanda wowalozera.

Achemwali sananene kanthu, ndipo kusanena kwawoko kunamveka mpaka kutsidya. Anatsika pa chigubu chimene anakhalira, natipempha tichikweze padenga la galimoto. Anadula kachidutswa ka paipi ya alamu yodula ija, naviika mbali imodzi m'chigubu, nayamwa inayo kamodzi, madzi n'kuyamba kutsika okha. Opanda waya, opanda fyuzi. Tiyi anapsa.

Nzeru imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Mu 1968 anthu a ku Chingale, m'munsi mwa phiri la Zomba, anakumba okha ngalande n'kuyala mapaipi otenga madzi kuphiri kufika nawo m'midzi popanda injini, ndipo njirayi inafalikira ku Mulanje ndi madera ena ambiri. Iwo anafunsa madzi kumene akufuna kupita, n'kuika mpopi panjira yawoyo. Alamu anga anafuna kuwaphunzitsa kukwera, ndipo sukulu yotere imafuna fizi tsiku lililonse.

Sindikunena kuti thanki pagalimoto ndi uchitsiru. Nditaona mmene fumbi la ulendo limamatira m'manja, kampopi kakumbuyo ndinakakonda, ndipo ndikanakhala ndi pikapu ndikanaika. Koma ndikanamvera wowotcherera uja. Paipi ndikanaikulunga ndi mphira ya chubu paliponse pamene yakhudza chitsulo, potulukira thanki n'kuikapo kotsekera, pampu n'kuipatsa switchi yozimitsa pogona. Paipi yoonekera m'kati ndikanaipewa, poti dzuwa likalowamo mumamera ndere. Ndipo zokhalira za achemwali sindikanazisiya, chifukwa thanki imodzi chiboo chake n'chimodzinso.

Galimoto tinailiza mokankha. Mwayi wake ku Nyika zitunda sizisowa, ndiye nayonso Hilux inangotsata khwawa.

Chibwerereni, alamu akonza paipi ija katatu. Imadonthabe, pena apa, pena apo. Pamalo pamene amaimika galimoto kunyumba pamera kapinga wobiriwira ngakhale mu October, ndipo kamtsinje kake kamadutsa pansi pa mpanda kulowa kwa aneba. Sabata yatha mayi a kumeneko anabwera ndi mtolo wa mpiru wonenepa, masamba ake ngati makutu a njovu. Anagwada pakhomo, napereka, nafunsa ngati bambo ali ndi maganizo ogula thanki yokulirapo.